MAENJE A KU BALAKA M'MABUKU A OPHUNZIRA

Pali liu limodzi la Chingerezi limene latisautsa ife ophunzira zachuma pano pa koleji, ndipo kusautsa kwake sikuthera m'kalasi ayi. Liulo ndi institution. Mukapempha munthu wodziŵa ziyankhulo ziŵirizi kuti akumasulireni, adzakuuzani msangamsanga kuti ndi bungwe, ndipo pomwepo maganizo anu adzathamangira ku nyumba ya njerwa yokhala ndi chikwangwani panja ndi mlonda pa chipata: ADMARC, banki, ofesi ya DC. Koma a Douglass North, amene buku lawo la 1990 lidakoleza moto wa nkhaniyi pakati pa akatswiri a zachuma, sankanena za nyumba. Iwo adalekanitsa malamulo a maseŵero ndi anthu oseŵerawo. Pa bawo, mabungwe ndiwo madoda aja akhala moyang'anana pansi pa mtengo wa mango. Chimene a North ankanena ndi lamulo la kayendedwe ka nkhomo, lonena pamene munthu aloledwa kudya za mnzake ndi pamene dzanja lake ligona. Malamulo ena ngolembedwa, monga a msonkho ndi a malo. Ena palibe adawalemba, koma aliyense amawadziŵa: yemwe ungamukongoze mchere, yemwe sungamukane ngongole ngakhale ukudziŵa kuti sadzabweza, ndi mwini weniweni wa munda umene mkamwini akulima.

Nkhaniyi si yongokhozera mayeso. Chikhazikitsireni masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, mau akuti kusintha kaganizidwe sachoka pakamwa pa akuluakulu. Tikawasenda makoko mauŵa, tipeza kuti akunena kuti mlimi wa ku Nsanama ndi mai wogulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya Balaka ngosauka chifukwa mitu yawo siyenda bwino. Zofufuza zimene ndifuna kuziunika pano zimatsutsa maganizo ameneŵa, ndipo nchifukwa chake ndimazipatsa ulemu. Komabe ndiona kuti zimatula katundu pakati pa njira, pamalo pomwe nkhani ya kwathu ingoyamba kumene. Anzanga a ndakatulo mundipirire, manambala akhalapo pang'ono.

Tiyambe ndi a William Baumol, amene m'chaka chomwecho cha 1990 adalemba kuti anthu anzeru zopezera phindu sasoŵa m'dziko lililonse ndi m'nyengo iliyonse. Chimene chimasintha ndi kumene nzeruzo zimaloŵera, ndipo amaziloza njira ndi malamulo a nthaŵiyo: zikhoza kupita ku ntchito yomanga, ku ntchito yongodyerera za ena, kapena ku ntchito yopasula. Iwo adatenga zitsanzo zawo ku Rome ndi ku China wakale. Akadafika ku phiri la Chikala sakadavutika kupita kutali choncho. Ayao a Chimachinga, amene boma lathu lidatengako dzina, adafika kuno cha m'ma 1860 ali kale akatswiri a maulendo aatali, odziŵa njira za ku Kilwa ndi ku Quelimane, odziŵa kusunga mbiri ya ngongole m'mutu ndi kulankhula ndi Aluya pa doko. Malamulo a nthaŵi imeneyo ankalipira bwino munthu wobwera ndi minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo nzeru zidaloŵera komweko. Tisabise, adali malonda opasula. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston adagonjetsa a Kawinga, njira za ku nyanja yamchere zidatsekeka. Khomo latsopano lolemerera lidali sukulu ya mishoni, yotulutsa makalaliki ndi aphunzitsi, koma makolo ambiri a Chisilamu adakaniza ana awo poopa kuti akawatembenuza. Kodi nzeru zija zidafa? Zidaloŵa m'makina osokera pa khonde la sitolo, zidakwera njinga yonyamula matemba a ku Chilwa ndi ku Chiuta, ndipo lero zimakwera basi ya ku Johannesburg, kumene kwathu timangoti ku Joni. Anthu ndi omwewo, malamulo ndiwo adasintha katatu. Pamenepa ine ndi a Baumol sitikangana.

Amene ndivutika nawo ndi a Daron Acemoglu, a Simon Johnson ndi a James Robinson, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2024. M'kafukufuku wawo wotchuka wa 2001 adafanizira maiko 64 amene adalamulidwapo ndi atsamunda, napeza kuti kumene Azungu ankafa kwambiri ndi malungo sadakhazikike, koma adangoikako malamulo okama chuma, ndipo malamulowo adatsalira mpaka lero. Mfundoyi njomveka, ndipo aliyense wodziŵa mbiri ya thangata angagwedeze mutu movomera. Vuto nlakuti m'kaŵerengedwe kotere dziko lonse limasanduka kadontho kamodzi pa pepala. Mwini fakitale ku Makata ndi mnyamata wa kabaza ku Ntaja amapatsidwa nambala imodzi, pamene malamulo amene aŵiriŵa amakumana nawo m'maŵa uliwonse safanana ngakhale pang'ono. Ndi maso a kabaŵi ali m'mwamba: amaona mudzi wonse, koma sangakuuzeni chimene chili mu mphika.

Tsono titsike pansi. Pali zofufuza ziŵiri zimene zidapondadi dothi lathu, ndipo zonse zikukhudza ulimi wa m'maenje. M'malo mounga mizere, mlimi amakumba timaenje m'munda monse, nathiramo manyowa, nabzala chimanga momwemo. Dzenjelo limasunga madzi a mvula, chinthu chofunika kwambiri ku Balaka kumene mvula imabwera ngati mlendo wosalaŵira. Kafukufuku woyamba, wa a Ariel BenYishay ndi a Mushfiq Mobarak, adasindikizidwa mu 2019, ndipo Balaka lidali limodzi mwa maboma ouma kumene adayesa njirayi. Funso lawo lidali lakuti, kodi uthenga wa ulimi watsopano umayenda bwino ukanyamulidwa ndi yani: mlangizi wa boma, mlimi wachitsanzo amene kaŵirikaŵiri amakhala wopezako bwino ndi wophunzirako, kapena alimi wamba ofanana ndi anzawo? Midzi adaigaŵa mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Adapeza kuti alimi wamba ndiwo amakopa anzawo koposa, pakuti munthu amakhulupirira zimene zatheka m'munda wofanana ndi wake, wa munthu wosauka ngati iye. Koma izi zidachitika pokhapokha pamene onyamula uthengawo adalonjezedwa kamphotho, monga thumba la mbeu, ngati anzawo ambiri atsatira. Popanda mphotho, ambiri sadavutike nkomwe kuiphunzira bwino njirayo.

Kafukufuku wachiŵiri, wa 2021, adauchita aŵiri omweŵa pamodzi ndi a Lori Beaman ndi a Jeremy Magruder, m'midzi 200 ya ku Machinga, Mwanza ndi Nkhotakota. Poyamba adayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti aliyense amacheza ndi yani pa za ulimi, najambula ukonde wa maubale a mudzi wonse. Kenaka m'mudzi uliwonse adaphunzitsa alimi aŵiri okha. M'midzi ina aŵiriwo adasankhidwa ndi alangizi monga mwa masiku onse. M'midzi ina adasankhidwa ndi kompyuta, poyang'ana malo awo mu ukonde uja. Chimene adapeza nchakuti alimi ambiri sasintha atamva kwa munthu mmodzi; amafuna amve kwa aŵiri kapena kuposa. Choncho nkwabwino kuphunzitsa anthu aŵiri amene anzawo ndi amodzimodzi, kusiyana ndi kuika wina kumpoto kwa mudzi wina kumwera. M'midzi imene alangizi adasankha okha, pafupifupi theka lake padapita zaka zitatu popanda mlimi winanso ngakhale mmodzi wokumba dzenje.

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti ntchitoyi njaukhondo. Yaonetsa ndi manambala chimene agogo athu akadatiuza ulere, koma chimene maofesi akhala akuchikana kuyambira kale. Atsamunda adali ndi alimi awo osankhika a Master Farmer m'ma 1950, a Ngwazi adali ndi Achikumbe, lero tili ndi alimi achitsanzo. Nthaŵi zonse boma limasankha munthu amene wasiyana kale ndi anzake, kenaka nkumadabwa kuti anzakewo sakumutsata. Munthu wa ngolo ndi ng'ombe zinayi akakolola zambiri, mnansi wake wa khasu limodzi sati njirayo njabwino. Amati mwini wake ali ndi manyowa, kapena amanong'ona zina zimene sindizilemba pano. Ofufuzaŵa adamuona mlimi ngati munthu woganiza, woyeza umboni asadaike chakudya cha ana ake pa chiswe. Ameneyo si munthu wofunika kumusintha kaganizidwe.

Koma pali funso limene zofufuzazi sizidalifunse, ndipo kwa ine ndilo lalikulu: kodi mzere umene akufuna kuti mlimi ausiye udachokera kuti? Poŵerenga, munthu angayese mizere ndi mwambo wa makolo umene sayansi yabwera kudzaugonjetsa. Si choncho. Makolo athu ambiri ankalima pa matutu kapena pansi posalaza. Mizere yopingasa chitunda idafalikira ndi lamulo la atsamunda la 1946 losamalira zachilengedwe, limene lidakhwimitsidwa itapita njala ya 1949, m'nthaŵi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby. Ndiwo malimidwe aja. Anthu ankalipitsidwa faindi, ena kumangidwa, chifukwa chosaunga mizere pa tsiku loikika, ndipo mkwiyo wake ndi umodzi mwa nkhuni zimene zidakoleza Congress m'midzi. A Elias Mandala adalemba za nkhondo ya mitumbira ku Chigwa cha Shire, ndipo a Wapulumuka Mulwafu adalongosola mbiri yonseyi m'buku lawo la 2011. Tsono taganizani. Agogo adamangidwa chifukwa chokana mzere. Mdzukulu akuyezedwa ndi kompyuta chifukwa chokana kuusiya. Pakati pa aŵiriŵa padutsa alangizi a mibadwo itatu, aliyense ndi uthenga wake, aliyense motsimikiza: bzalani mbeu zitatu pa phando, ayi bzalani imodzi, tenthani mapesi, ayi kwirirani, ayi yalani pamwamba. Mlimi wakhala akuona mauthenga akubwera ndi galimoto napita ndi galimoto. Kudikira kuti amve kwa anthu aŵiri ndi nzeru imene adaigula ndi mbiri imeneyi. Ofufuza adayeza kukayika kwa mlimi mosamala ndithu, koma chimene chidabala kukayikako, chomwe ndi institution yeniyeni monga a North akadanenera, adachisiya panja pa nyumba.

Chachiŵiri ndi ukonde uja. Nzodabwitsa kuti mmodzi mwa makolo a luso lojambula maubale a anthu ngati ukonde, a J. Clyde Mitchell, adaphunzira ntchito yawo m'midzi yomweyi ya Ayao pakati pa 1946 ndi 1949, ndipo buku lawo la The Yao Village lidatuluka mu 1956. Chimene iwo adaona nchakuti mudzi wa Chiyao umamangidwa pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo pansi pa mlongo wawo wamwamuna wowayang'anira, pamene amuna okwatira ndi alendo obwera. Ulusi wolumikiza anthu aŵiri si wofanana ndi ulusi wina uliwonse. Mau a amalume ali ndi kulemera kwina, mau a mlamu kwina, mau a mnzako wa ku mzikiti kwinanso. Kompyuta ikaŵerenga kuti uje ali ndi anzake khumi, siidziŵa kuti mwa khumiwo ndi angati angamuuze mkazi mwini munda kuti chaka chino tisaunge mizere. Kukumba maenje ndi ntchito ya mwezi wa Okutobala, dzuŵa la ku Utale likuswa mtengo, nthaka ili gwa ngati konkire, ndipo phindu lake lenileni limadza maenjewo akakhalitsa. Mkamwini amene banja lake likugwedezeka adzaŵerengera zimenezi asadanyamule khasu. Sindikunena kuti chikamwini nchoipa. A Pauline Peters, amene adafufuza za malo ku Zomba kuyambira 1986, adaonetsa kuti chimapatsa akazi mphamvu pa nthaka imene akazi a m'madera ena alibe. Ndikunena kuti funso lakuti mlimi ndani m'nyumbamo liyenera kuyankhidwa tisadayambe kuŵerenga anzake. Kunena zoona, a BenYishay ndi anzawo adabwereranso mu 2020 ndi kafukufuku woonetsa kuti akazi amaiphunzira njira yatsopano bwino lomwe ngati amuna, koma anthu sawamvera mofanana. Pamenepo adayandikira pakhomo, koma sadaloŵe.

Nanga chimanga chikachuluka m'maenjemo, kapena mbeu ina iliyonse, chimapita kuti? Apa ndi pamene ndiona kuti nkhani ya nzeru zatsopano yaikidwa chadodolido. Taonani nandolo. Palibe adachita maere kapena kujambula ukonde kuti alimi a ku Machinga ndi Balaka awonjezere nandolo m'minda mwawo. Mtengo utakwera mu 2015 ndi 2016 chifukwa cha kuchepa kwa zokolola ku India, amene ndiye wogula wamkulu, uthenga udayenda wokha ngati moto wa lupsa, ndipo minda idadzaza. Mu Ogasiti 2017 boma la India lidaika malire akuti nandolo woloŵa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno udagwa chagada. Ndikukumbukira matumba atatsamira khoma m'nyumba ya amai anga aakulu mpaka anankafumbwe adayamba kuimba m'katimo, iwo akukana kugulitsa pa mtengo umene sukadabweza ngakhale ndalama ya thumba lenilenilo ndi ya ngolo. Dziko la Mozambique lidali litapangana kale ndi India mu 2016 za kuchuluka kwa nandolo wogulidwa chaka ndi chaka. Pangano lathu, la matani 50,000 pa chaka, lidadza mu 2021. Alimi ameneŵa adachita zonse zimene mabuku amafuna kwa munthu wamalonda: adamva mtengo, adasintha msanga, adaika thukuta lawo pa chinthu chosadziŵika mathero. Chidawagwetsa ndi cholembera cha munthu wa ku New Delhi, ndi kuchedwa kwa cholembera cha munthu wa ku Lilongwe. Mlimi wotere mukamupeza chaka chotsatira ndi uthenga wa maenje, iye nkukuyang'anani mwakachetechete, musalembe m'buku mwanu kuti ngwovuta kuphunzira.

Za malonda enieni, kafukufuku wodziŵika kwambiri m'dziko muno ndi wa a Francisco Campos, a Markus Goldstein ndi a David McKenzie a ku World Bank, amene kuyambira 2012 adatsata mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 osalembetsedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ankayesa maganizo ofala, amene a Hernando de Soto a ku Peru adawatchukitsa, akuti wosauka amakanika kukula chifukwa alibe mapepala a boma. Atawathandiza kulembetsa mwaulere, pafupifupi 75 mwa 100 alionse adalandira chikalata cha bizinesi. Olembetsa za msonkho adali oŵerengeka chabe, ndipo pamenepo palibe wodabwa. Koma chikalata pachokha sichidasinthe phindu. Okhawo amene adawakumanitsanso ndi a banki, natsekula buku la bizinesi, ndiwo adaona malonda akukwera ndi 20 pa 100, phindu ndi 15 pa 100. Ndiwalemekeza chifukwa adalemba poyera kuti pepala lokha ndi pepala basi, ngakhale kuti bungwe lawo lomwe lidatha zaka zambiri likulimbikitsa maiko kufeŵetsa kalembetsedwe ka mabizinesi. Koma aŵa ndi amalonda a m'mizinda iŵiri, okhala ndi malo okhazikika, banki ili pafupi. Wogula mpunga ku Nayuchi nakaugulitsa ku Liwonde, amene sitolo yake ndi thumba ndi foni, sali m'chithunzimo. Banki yake ndi banki m'khonde ikamuyanja, ikamukana ndi katapila.

Chondiŵaŵa koposa nchakuti dziko lino lidachitapo kale kuyesa kwakukulu pa nkhani ya malamulo ndi malonda, kuposa kumene wofufuza aliyense angalote, ndipo zipsera zake zikuoneka pa makoma a masitolo akale m'matauni athu ang'onoang'ono. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda lidalamula Amwenye kuti achoke m'midzi ndi m'malo a malonda a kumudzi, ndipo pofika 1978 adali atasonkhanitsidwa m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga chidali chakuti Amalaŵi atenge malondawo. Nyumba adazitengadi, koma masitolo ambiri adatsekeka posakhalitsa, pakuti chimene chinkayendetsa sitolo ya Mmwenye sichidali nyumbayo. Chidali mbale wake wa ku Limbe womupatsa katundu pa ngongole, lole yobwera pa tsiku lake, ndi kugula zokolola kwa alimi omwewo amene ankawagulitsa nsalu. Zimenezo zidakwera lole pamodzi ndi eni ake. Boma lidayesa kutseka dzenjelo ndi Chipiku, kenaka DEMATT mu 1979 ndi SEDOM mu 1982, kuphunzitsa anthu kusunga mabuku a ndalama. Pa nthaŵi yomweyo ADMARC, imene idaloŵa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndiyo inkagula thonje, fodya ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono pa mtengo woikidwa ndi boma, ndipo a Jonathan Kydd ndi a Robert Christiansen adaonetsa mu 1982 kuti phindu lake linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani a akuluakulu. Ndiye kuti dzanja lamanja linkaphunzitsa munthu wa ku Balaka kugulitsa, lamanzere likukama thonje la makasitomala ake. Amalonda wamba adaloledwa kugula mbeu mu 1987, ndipo mu 2022 boma lidatseka kaye ADMARC ndi kuchotsa antchito ake kuti liikonzenso. Pakati pa zaka zimenezi pali mbiri yonse ya m'mene venda wa sikelo yopachika pa mtengo adasandukira mfumu ya msika wa kumudzi. Chikhalirecho, thumba lililonse la ngongole za boma, kuyambira MARDEF ya 2005 kufikira NEEF ya 2020, limabwera ngati kuti mbiri imeneyi kulibe, ngati kuti chosoŵa ndi mpamba wokha.

Nchifukwa ninji akatswiri anzeru chotere amasankha mafunso ang'onoang'ono? Sindikhulupirira kuti ndi ulesi kapena chipongwe. Chida chawo ndicho chimawasankhira. Njira ya maere imafuna midzi yambiri yofanana, ina ilandire chinthu ina isalandire. Ungathe kuchita maere pa alimi aŵiri a m'mudzi, pa chikalata, pa thumba la mbeu. Sungathe kuchita maere pa lamulo la India, pa kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pa chiletso chotumiza chimanga kunja chimene chimabwera ndi kuchoka monga mwa nyengo ya ndale, kapena pa sitima za malasha a ku Moatize zimene zimadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala, alimi a m'mbali mwa njanji akungoziŵerenga mabogi. Motero malamulo amene angayezedwe ndi aja ali m'manja mwa mlangizi ndi mfumu ya mudzi, ndipo aja ali m'manja mwa nduna amatsala osakhudzidwa. Zotsatira zake nzokoma kwa aliyense wa pa mpando: vuto likuoneka ngati lili m'mudzi, mankhwala ake ngotsika mtengo, ndipo palibe wamkulu amene afunsidwe kanthu. Mwa njira imeneyi kafukufuku amene adayamba ndi kulemekeza nzeru za mlimi akhoza kumalizira m'thumba la omwe aja a kusintha kaganizidwe.

Komanso tisaiŵale kuti Balaka si malo osafufuzidwa. Mwina palibe boma lina m'Malaŵi limene anthu ake ayankha mafunso ochuluka chotere. Kafukufuku wina wa za mabanja ndi umoyo wakhala akubwerera ku midzi ya kumeneko kuyambira 1998, chaka chomwe Balaka lidapatuka ku Machinga kukhala boma palokha. Wa Tsogolo la Thanzi, wa a Jenny Trinitapoli ndi a Sara Yeatman, adayamba mu 2009 ndi atsikana ndi amai achitsikana pafupifupi 1,500, kuwafunsa miyezi inayi iliyonse. Ndi ntchito yofunika, ndipo yathandiza kumvetsa za Edzi. Koma zatanthauza kuti dziko lapansi likudziŵa zambiri za m'chipinda chogona cha mtsikana wa ku Balaka kuposa za m'thumba lake la geni: kumene amaoda tomato, amene amamukongoza, ndalama imene amalipira pa chipata cha msika tsiku ndi tsiku ngakhale asadagulitse kanthu. Ofunsa mafunsowo m'midzi kaŵirikaŵiri ndi ife tomwe, ophunzira a pa tchuthi ndi otsiriza Fomu 4, onyamula mapepala amene mafunso ake adalembedwa kutali. Timamasulira funso kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chicheŵa kapena m'Chiyao, yankho nkubwerera m'Chingerezi, kukasindikizidwa m'magazini a ku America ndi ku Britain amene mtengo wake ngwoposa thumba la feteleza. Zimene ndalongosola pamwambapa za alimi aŵiri okhala ndi anzawo amodzimodzi ndi nzeru imene mlangizi wa ku Nyambi angaigwiritse ntchito maŵa lomwe, popanda kompyuta, atangoimva m'chiyankhulo chake pa wailesi.

Pali malamulo atatu amene wamalonda wamng'ono wa kwathu amagona nawo nadzuka nawo, ndipo ndikadakonda kuwaona akuyezedwa ndi ukhondo womwe uja adayezera maenje. Loyamba ndi la katapila ndi banki m'khonde: chiwongoladzanja chake chenicheni pa mwezi, ndi chimene chimachitika kwa mbuzi ndi malata a munthu akalephera kubweza. Lachiŵiri ndi la ngongole ya pachibale, imene yagwetsa maokala ambiri kuposa akuba, koma imenenso imamudzutsa mwini okala maliro akamugwera. Amalume anga ena, atelala, amasunga mabuku aŵiri, la makasitomala ndi la abale, ndipo lachiŵirilo salitsekula pamaso pa akazi awo. Lachitatu ndi sikelo. Lamulo lakuti masikelo a malonda aziyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards lilipo, ndipo mitengo yoyambira kugulira mbeu boma limalengeza chaka ndi chaka. Chimene chimafika m'manja mwa mlimi chimatsimikizika pa mphindi ija thumba lili lende pa mbedza, wogula akuŵerenga singano, wogulitsa akuyang'ana nkhope ya wogula. Kafukufuku wake safuna ndege kapena hotela. Afuna ophunzira anayi, njinga zinayi, ndi mwala umodzi wa makilogalamu 20 woyezedwa bwino mu labotale ya pano pa koleji, wosokeredwa m'thumba la nandolo, woti ukapachikidwe pa sikelo iliyonse kuyambira pa Phalula, kudzera pa Ulongwe ndi pa Nsanama, mpaka pa Ntaja, mwezi wa Ogasiti nandolo atauma.